Chala cha Polishi: Moyo wa Bambo Silvesta Namathanga

Bambo mfumu atandipempha kuti ndilembe mbiri ya malemu a Silvesta Namathanga m'kalata ino ya parishi, sindinazengereze. Ndine Bernadetta Likoswe, mphunzitsi wa Sitandade 4 kuno ku Mbulumbuzi kuyambira chaka cha 1997. Ndiulule poyambirira pomwe kuti ine ndinali mmodzi mwa anthu amene ankawaseka bambowa, ndipo ndinkawaseka chifukwa cha kalembedwe kawo. Lero ndikulemba ndi kamanyazi, komabe mtima wanga ndi wokondwa, chifukwa Mulungu anandilola kuwazindikira asanatisiye.

A Silvesta anabadwa mu 1948 kumbali ya Mikolongwe, m'banja la Alomwe olima chimanga ndi nandolo. Bambo awo anapita kumigodi iwo ali ndi zaka zisanu, ndipo sanabwerenso. Mayi awo atamwalira, mwanayo anatsala ndi agogo ake aamuna, a Mikaele, amene anali osaona. Lamulungu lililonse Silvesta wamng'onoyo ankagwira nsonga ya ndodo, agogo akugwira nsonga inayo, n'kuyenda maola awiri kupita ku Misa. Panjira ana anzake ankawakuwiza, ena n'kumati nkhalamba ija inachita khungu chifukwa choona zosayenera kuona. Sukulu anailekezera Sitandade 3. Atakula ankakonda kunena kuti, "Ine sukulu yanga inali kutsogolo kwa ndodo ya agogo."

Agogowo atamwalira, anapita ku Limbe kumene anaphunzira kusoka nsapato. Mu 1971 anakwatira mayi Dainess a kuno kwathu, nakhala mkamwini pakati pathu. Malo awo antchito anali pansi pa mtengo wa mango uli kuseri kwa msika, pomwe ambirife tinawadziwira: kampando, bokosi la zipangizo, ulusi wopaka phula, ndi milomo yosaleka kugwedera. Ankapemphera kolona akusoka, mfundo khumi Tikuoneni Mariya khumi. Anthu ankaseka kuti nsapato ya kwa a Namathanga ukaivala sungalowe nayo m'bala, imakukokera kutchalitchi yokha.

Mtanda wawo woyamba m'banja unabwera mu Febuluwale 1974. Mayi Dainess anayamba kumva zowawa mvula ikugwa tsiku lachitatu, mtsinje utadzaza, njira ya kuchipatala cha kumishoni itatsekeka. Masiku amenewo amayi ambiri ankachilira kunyumba, ndipo mzamba wa mudzi wathu anali mayi Yunis, a mpingo wa Baptist, ochokera ku Mbombwe amene anatsata amuna awo kuno. Mwana anabadwa wamwamuna, koma sanaone dzuwa lachiwiri. Monga mwa mwambo, amayi okha ndi amene anakamuika, mwakachetechete, ndipo tonse tinkadziwa kuti anapita wopanda dzina. Mwana wina sanabwerenso. Abale a a Silvesta anawauza kangapo kuti abwerere kwawo akakwatire kwina, koma iwo ankayankha mosakweza mawu kuti, "Paguwa paja ndinalonjeza Dainess. Za ana analonjeza ndi ena, ine sindinamve."

Nkhani ya mabuku inayamba ndi ntchito yawo yomweyo. Ana atachuluka m'masukulu, buku limodzi linkagwiridwa ndi manja khumi, ndipo pakutha kwa teremu linkakhala litathothoka masamba. A Silvesta anayamba kutisokera mabukuwo ndi ulusi wa nsapato, osalandira kanthu. Posokapo ankawerenganso, pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Tsiku lina pondibwezera mulu wa mabuku anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, m'mabuku anuwa ndaonamo ana, ndaonamo agalu, ndaonamo basi yopita ku Blantyre. Nanga nkhalamba zinapita kuti?" Ndinaseka, n'kuwauza kuti ana sakonda nkhani za nkhalamba. Iwo anati, "Sangakonde chimene sanachilawe."

Njala ya 2002 itatha, anayamba kulemba okha. Mapepala ankatola a matumba a simenti, n'kuwakutumula, kuwadula bwinobwino ndi kuwasoka masamba khumi ndi awiri. Chikuto chinali cha katoni ya sopo. Koyamba kanali "Ndodo ya Agogo". Kenako kunabwera "Chaka cha Madeya", "Amayi Akadwala Aphika Ndani?" ndi kena kamene ana ankakalimbirana, "Mano a Agogo Anapita Kuti?" Zonse zinali nkhani za m'makomo mwathu momwemu, zolembedwa m'mawu oti mwana wa Sitandade 3 awerenge osapunthwa. Sankabisa kuti njala imawawa kapena kuti munthu wokalamba nthawi zina amadziipitsira pamphasa. Ankangosonyeza chimene mwana angachite zikatero.

Apa m'pamene ine ndinalakwira. Kalembedwe kawo kanali ka mmene timayankhulira kuno: nkhuku inali "khuku", nthawi inali "thawi", nkhalamba inali "khalamba". Ndinatenga kabuku kamodzi, n'kukafiiritsa konse ndi bolopeni yanga, n'kukawabwezera ndili chinyadire. Anakayang'ana modekha nati, "Mwakonza bwino, aphunzitsi, Mulungu akudalitseni. Koma tsamba lomaliza mwaliona?" Ndinatsegula. Tsamba lonselo linali lodzaza ndi zidindo za zala zakuda.

Limenelo ndilo linali lamulo lawo lokhalo. Mwana ankabwereka kabuku ulere, pamodzi ndi kachitsekerero ka botolo kodzaza polishi wakuda. Akafika kwawo ankayenera kukhala pansi ndi munthu wokalamba, kumuwerengera mokweza mpaka kumapeto, ndipo wokalambayo ankaviika chala chachikulu m'polishi n'kudinda patsamba lomaliza. "Buku lopanda chala ndi buku losawerengedwa," ankatero. Ana ochenjera ankayesa kudinda okha panjira, koma galu wamkota sakandira pachabe. A Silvesta ankangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Chala ichi sichinagwirepo khasu. Bwerera." Motero nkhalamba zimene zinkagonera dzuwa zokha kuseri kwa nyumba zinayamba kuchezeredwa. Ine bolopeni yofiira ija ndinaibweza m'chikwama.

Chiyeso chachikulu cha moyo wawo chinafika mu Okutobala 2013. Mayi Yunis, mzamba uja, anali atakalamba kwambiri. Amuna awo ndi ana awo onse anali atatsogola, ndipo mutu wawo unali utayamba kuiwala. Mmawa uliwonse ankayenda khomo ndi khomo, akapeza mwana n'kumugwira pakati pamutu, kudinikiza pang'ono, n'kupitirira osanena kanthu. Poyamba anthu ankangoseka. Kenako manong'onong'o anayamba akuti gogo uja akuika ana chizindikiro. Ndiye zinachitika kuti mwana wamng'ono wa a Chester, bambo woyendetsa njinga ya kabaza, anagwidwa pamutu Lolemba, Lachiwiri n'kuyamba kutentha thupi ndi kukomoka, mpaka kumugoneka kuchipatala.

Lachitatu mmawa a Chester anafika pansi pa mango paja maso ali gwa. Ine ndinalipo, ndinabwera kudzatenga mabuku.

"A Namathanga, ife tatopa," anatero. "Loweruka tikukasasula denga la gogo uja. Azipita kwawo ku Mbombwe."

"Ku Mbombwe akafikira kwa ndani? Kulibe wawo kumeneko."

"Zimenezo si zathu. Ana athu athe chifukwa cha munthu mmodzi? Ndipo inu ndinu mboni yathu yaikulu. Wanu uja anafera m'manja mwa ndani? Mukayankhula inu, palibe atsutse."

Ndinaona dzanja la a Silvesta likuima pakati pa mfundo. Kwa zaka zonsezo palibe amene anawatchulirapo za mwana uja pamaso. Kenako anati, "Umboni ndipereka, Chester. Koma ndipereka m'njira yanga. Udzaumva Lachisanu."

A Chester atachoka, ndinawafunsa ngati akufunadi kuima kumbali ya anthu osasula denga. Anandiuza kuti ndikhale pansi, ndipo anandiululira chimene iwo ndi akazi awo anasunga zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi. Tsiku lija la mvula, mayi Dainess ataona kuti khanda likupuma movutika, analira kuti mwana wawo apita wosabatizidwa. Bambo saloledwa m'chikuta, ndipo amayi onse amene analimo sanali Akatolika. Mpingo wa mayi Yunis subatiza makanda, komanso subatiza ndi madzi a m'kapu. Komabe mayiwo anatulutsa anzawo aja, natenga madzi, nati kwa mayi Dainess, "Nena mawuwo, ine nditsatire." Anamuthira khandalo madzi katatu m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera, namutcha Denis. Atatha anapempha mayi Dainess ndi amuna awo kuti zimenezi asadzauze munthu, poopa akulu a mpingo wawo. Wina amene anauzidwa anali wansembe wa nthawi imeneyo yekha.

"Ndiye nenani zimenezo basi!" ndinatero. "Mudikira chiyani?"

"Ndikapemphe kaye chilolezo."

"Kwa munthu woti sakudziwa ngati lero wadya?"

"Lonjezo ndinapereka kwa iwowo, aphunzitsi, osati kwa nzeru zawo."

Masana omwewo tinapita atatu, iwo, mayi Dainess ndi ine. Tinawapeza mayi Yunis pakhonde akusankha timiyala m'lichero ngati akusankha nandolo. Sanatizindikire. Mayi Dainess anagwada, nawagwira dzanja, nati, "Amayi, ndine Dainess. Dainess wa mvula ija." Gogoyo anawayang'ana nthawi yaitali, ine mpaka kutaya mtima. Kenako anafunsa kuti, "Denis wagona? Madzi aja anali ozizira, ndinayamba ndawafunditsa m'manja." Mayi Dainess anagwetsa nkhope m'chitenje. A Silvesta anati, "Amayi, tabwera kudzapempha. Tikufuna tiuze anthu za Denis." Gogo uja anaseka nati, "Uzani. Nanga mwana n'kubisa?" Atatero anabwerera ku timiyala tawo.

Lachinayi lonse a Silvesta sanasoke nsapato ngakhale imodzi. Iwo ankalemba, mayi Dainess akuzungulira pamjigo ndi kuchigayo kufunsa amayi achikulire kuti, "Wanu uja anakulandirirani ndani?" Pofika madzulo anali ndi mayina makumi asanu ndi asanu ndi atatu. Ine ndinakopera timabuku tisanu ndi kamodzi, ndipo ndikunena zoona pamaso pa Mulungu, "thawi" ndinamusiya "thawi". Kabukuko anakatcha "Manja a Agogo a Yunis". Kankayamba motere:

"Khanda likabadwa, pakati pamutu pake pamakhala pofewa. Pamenepo ndi paliwombo. Mzamba amagwirapo tsiku ndi tsiku kuti adziwe ngati mwana ali bwino. Agogo a Yunis aiwala zambiri. Aiwala mchere, aiwala njira ya kumunda, aiwala mayina athu. Koma manja awo sanaiwale tchito. Akakugwira pamutu, akufunsa ngati uli bwino."

Pambuyo pake panali nkhani ya Denis, yonse mmene inachitikira, ndipo masamba otsala anali mayina a anthu amene manja amenewo anawalandira. Lachisanu poweruka kusukulu ana anatenga timabukuto, aliyense ndi kachitsekerero kake ka polishi, ndipo anayenda nato khomo ndi khomo mpaka dzuwa kupendeka. Kamodzi anatenga ndi Thokozile, mwana wamkulu wa a Chester, amene anali m'kalasi mwanga. Anakawerengera agogo ake, mayi a a Chester, bambo akewo akukonza tcheni cha njinga pambali. Thokozile anandiuza pambuyo pake kuti atafika pa dzina la bambo ake, agogo anamuimitsa nati, "Pamenepo alemba mwachidule. Ameneyu anatsogoza miyendo, anatuluka ali bii, osalira. Yunis anamuyamwa mamina ndi pakamwa pake mpaka analira." Atatero anadinda chala mwamphamvu, pepala mpaka kuboola.

Loweruka mmawa a Silvesta anatenga kampando ndi bokosi lawo, n'kukakhala pakhonde pa mayi Yunis, n'kuyamba kusoka ngati ali pamsika. Mayi Dainess ndi ine tinakhala pambali pawo. Anthu anabwera, ochepa kusiyana ndi amene anapangana, ndipo anaima chapatali aliyense akudikira mnzake ayambe. Kenako a Chester anatulukira, kabuku kali m'manja. Anafika mpaka pakhonde, naima pamenepo. Mayi Yunis anadzuka, nayamba kutambasula dzanja monga mwa chizolowezi chawo, koma munthuyo anali wamtali. Tonse tinaona a Chester akuvula chipewa n'kuwerama. Gogo uja anadinikiza padazi pawo, namvetsera ndi zala, nati, "Lalimba. Ameneyu akhala moyo."

Wina kumbuyo anaseka, ena n'kutsatira, ndipo a Chester anakhala pansi pomwepo akulira ngati mwana. Denga silinakhudzidwe. Mwana wawo uja anatuluka m'chipatala patapita masiku anayi, atachira malungo, koma onani kuti bambo ake anawerama asanadziwe ngati achira. Sindinganame kuti mudzi wonse unatembenuka mtima tsiku limenelo. Alipo amene anapitiriza kubisa ana awo gogo akamadutsa. Koma palibe anayankhulanso zosasula, ndipo mvula isanagwe a Chester ndi anzawo a kabaza anakafolera nyumbayo ndi udzu watsopano. Mkulu wina wa mpingo wa Baptist anabwera pansi pa mango nati, "Madzi a m'kapu kwathu sitiwawerengera, a Namathanga, koma chikondi chimenecho tachiwerengera." Kuyambira pamenepo amayi a mpingo wawo ndi a mphakati wathu ankasinthana masiku owaphikira mayi Yunis, mpaka anamwalira mu 2016 m'nyumba yawo, pamphasa pawo.

Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ukalamba unawafikira a Silvesta nawonso. Mayi Dainess anatsogola mu 2018, ndipo patapita zaka ziwiri maso a bambowa anayamba kuchita ng'ala mpaka sankathanso kulowetsa ulusi pasingano. Ndinkada nkhawa, sindibisa. Mkamwini wokalamba, wosaona, wopanda mwana, mkazi wake atamwalira, tonse tikudziwa mawu amene amayamba kumveka pa munthu wotere. Ndinawafunsa tsiku lina ngati sakuopa. Anati, "Ndinayamba ndi ndodo ndili kutsogolo, nditsiriza ndili kumbuyo. Ndodo yake ndi yomweyo."

Sanasowe wogwira nsonga inayo. Abale a mayi Dainess anakana zoti abwerere ku Mikolongwe. Lamulungu ana ankachita kulimbirana kuwatsogolera ku Misa, ndipo tsiku lamvula a Chester ankawanyamula panjinga. Timabuku tija, timene tinali titakwana makumi anayi, tinasamukira m'kabati ya kusukulu, lamulo lake lili lomwe lija. Ana amene kwawo kunalibe wokalamba ankabwera kudzawawerengera iwo. Ankamvetsera mpaka kumapeto, kukonza pamene mwana wadumpha mzere, n'kudinda chala. Kabuku kamodzi kokha ndi kamene ankakana kuti awawerengere, ka mayi Yunis kaja. Ankati, "Kameneko ndikamva tsiku lake."

Tsiku lake linafika pa 9 Febuluwale 2024. Anali atadwala chifuwa milungu itatu, ndipo mmawa wake bambo mfumu anabwera kudzawadzoza ndi kuwapatsa Ukaristia. Masana, titatha kolona, anafunsa ngati Thokozile wafika. Thokozile, amene tsopano akuphunzira unamwino, anali atangotsika minibasi. Anamuuza kuti atenge kabuku kaja m'bokosi la zipangizo, koyambirira kolembedwa ndi dzanja lawo. Mtsikanayo anawerenga za liwombo, anawerenga za mvula ndi mtsinje wodzaza, ndipo atafika pamene mayi Yunis anati "Nena mawuwo, ine nditsatire," milomo ya a Silvesta inatsatira mawu a ubatizo mpaka kumapeto. Anawerenganso mayina onse makumi asanu ndi asanu ndi atatu, ena mwa eni ake ali m'chipinda momwemo.

"Polishi," anatero.

Ndinawatsegulira kachitini. Tsamba lomaliza linali litadzaza kalekale, koma Thokozile anapeza kampata pakona, nawatsogolera dzanja. Anadinda, napumira m'mwamba, nati, "Lawerengedwa. Zaka makumi asanu mwana akundidikira, ndisamuchedwetsenso." Anagona ngati munthu wotopa ndi ntchito, ndipo dzuwa lisanafike pamitengo anali atapita.

Akhristu anzanga, bambowa sanasiye munda waukulu kapena nyumba ya malata. Anasiya kabati ya timabuku ta mapepala a simenti, ndi ana amene akaona wokalamba akuyankhula zosamveka amayamba afunsa kuti kale ankagwira ntchito yanji. Timabukuto tilipo, ndipo mphakati uliwonse ungathe kubwereka kudzera kwa ine. Polishi tidzakupatsani, koma wokalamba mukapeze wanu. Ambuye amene anawatumikira ndi singano ndi pensulo awalandire pamodzi ndi Dainess, Yunis ndi Denis, ndipo awapumitse mumtendere wosatha.

Amuna amene ankasambitsa thupi anatuluka kudzafunsa ngati pali sopo wamphamvu, chifukwa chala chachikulu cha kumanja chinali chakuda bii. A Chester ndi amene anayankha, ali pakhomo. Anati, "Chimenecho musachitsuke. Akafika azikaonetsa."